Ndani Akhale Mpando Wakutsogolo? Za Okesitira ya Koleji ndi Anthu a M'tauni



Ndapemphedwa kuti ndikambe za okesitira. Ambiri tikamva dzinali timaganiza za anthu ovala zakuda a ku Berlin kapena ku Vienna, akatswiri amene vayolini ndiyo imawadyetsa. Amenewo lero tiwasiye. Ndikufuna tione mtundu wina wa okesitira, wosatchuka koma wofala m'matauni ang'onoang'ono a ku America komwe kuli koleji. Ndi gulu limodzi lomwe mumayimba ana a pakoleji pamodzi ndi anthu wamba a m'tauniyo. Mtsikana wa zaka 19 amene akuphunzira sayansi amakhala moyandikana ndi agogo amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, onse awiri maso ali pa pepala limodzi.

Timabuku totsatsa makoleji timafotokoza magulu otere ndi mawu okoma: umodzi, kutumikira dera, kumanga ubale. Sindikutsutsa. Koma amene watsogolerapo gulu la zoyimba aliyense angakuuzeni kuti chimene chimabweretsa mbali ziwirizi m'holo imodzi ndi kusowa. Koleji ilibe anthu okwanira, tauni ilibe malo ndi zipangizo. Mgwirizano wobadwa m'kusowa ine ndimaukhulupirira kwambiri, bola eni ake auzane poyera chimene wina akufuna kwa mnzake. Akabisirana, mkangano wake umaphulikira pa mipando, ndipo tifikako.

Tiyambe ndi masamu. Kuti muyimbe simfone ya Brahms kapena ya Dvořák mmene mwini wake anayilembera, mufunika anthu 60 kapena kuposerapo. Oposa theka ndi a zingwe: mavayolini ogawidwa pawiri, oyamba ndi achiwiri, kenaka maviyola, machelo, ndi mabesi akuluakulu aja otalika kuposa wowaliza. Kumbuyo kwawo kumakhala zowuzira ziwiriziwiri: zitoliro ziwiri, maobo awiri, makilarineti awiri, mabasuni awiri. Kumbuyo kwa izi kuli malipenga: mahoni anayi, matirampeti awiri, matiromboni atatu, nthawi zina ndi tuba. Kumapeto kwenikweni kuli ng'oma za timpani. Chovuta n'chakuti mpando uliwonse uli ndi mwini wake. M'kwaya, a tena akachepa mumanyengerera wa besi mmodzi kuti akwere, zinthu n'kuyenda. M'okesitira wa chitoliro sangalowe m'malo mwa wa basuni, chifukwa kagwiridwe n'kosiyana, milomo imagwira ntchito mosiyana, ndipo kuti adziwe pafunika zaka. Ndiye koleji yaing'ono ikalengeza kuti ofuna kulowa abwere, kumatha kufika a chitoliro khumi olimbirana mipando iwiri, a vayolini okwanira, a viyola atatu, wa obo mmodzi, wa basuni osaoneka. Chaka chamawa zikhoza kutembenuka.

Njira yoyamba ndi yakuti makoleji oyandikana asonkherane. Chitsanzo chabwino chili ku Claremont, tauni ya ku California yomwe ili makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Los Angeles, m'tsinde mwa mapiri a San Gabriel, komwe kale kunali minda ya malalanje ndi mandimu. Koleji yakale kwambiri kumeneko ndi Pomona, ya mu 1887. Itayamba kukula, mtsogoleri wake James Blaisdell sanafune kuti isanduke chiyunivesite chachikulu chomwe mphunzitsi sadziwa dzina la wophunzira. Anafuna makoleji aang'ono angapo pamalo amodzi, iliyonse yodzilamulira, koma yogawana laibulale ndi zina, monga zilili ku Oxford. Mu 1926 kunabwera Scripps, ya atsikana okhaokha, yomangidwa ndi chuma cha mayi Ellen Browning Scripps, amene analemera ndi bizinesi ya manyuzipepala ndipo pa nthawiyo anali ndi zaka pafupifupi 90. Mu 1946 kunabwera imene lero imatchedwa Claremont McKenna, mu 1955 Harvey Mudd ya sayansi, masamu ndi uinjiniya, mu 1963 Pitzer. Kuchoka pa koleji ina kupita pa inzake n'kungowoloka msewu.

Pomona, poti ndi yakale komanso yolemera, ili ndi okesitira yakeyake ndi holo yake, Bridges Hall of Music, ya mu 1915. Zinayi zinazo zinaphatikizana. Zili ndi pulogalamu imodzi ya nyimbo, makwaya ogawana, ndi okesitira imodzi yotchedwa Claremont Concert Orchestra, yomwe kwawo ndi ku Scripps ndipo imayimba mu Garrison Theater. Taganizirani Harvey Mudd, ya ophunzira osafika 1,000, onse obwerera sayansi. Pa yokha sikanakwanitsa kudzaza mipando 60. Koma pakati pa ana okhoza masamu sipalephera kupezeka amene anayamba vayolini ali ku pulayimale, ndipo amenewo ali ndi kopita madzulo. Chondisangalatsa n'chakuti pa masewera magawidwe ake ndi ena: Pitzer ili timu imodzi ndi Pomona, ndipo adani awo enieni ndi timu ya Claremont McKenna, Harvey Mudd ndi Scripps. Mnyamata wa ku Pitzer akhoza kuchitana chipongwe pa bwalo Loweruka ndi munthu amene akhale naye sitandi imodzi pa pulakatisi yotsatira.

Kusonkherana kumathandiza pa chiwerengero, koma pali vuto lina lomwe sikulikhudza n'komwe. Digiri yoyamba ku America ndi ya zaka zinayi. Chaka chilichonse gawo limodzi mwa magawo anayi a gululo limavala mikanjo, kujambulitsa, n'kumapita. Ena amakaphunzira kunja semesita yathunthu. Mlendo ndi mame, ndipo wophunzira pa koleji ndi mlendo ngakhale atakondedwa chotani. Wa honi amene wotsogolera wavutika naye zaka zitatu, pamene wayamba kumveka bwino ndi pamene akutsanzika. Chikhalirecho okesitira imakoma ndi zizolowezi zomwe anthu amaphunzira pokhala limodzi nthawi yaitali: kudziwa kuti wotsogolera uyu akakweza phewa ndiye kuti achedwetsa, kuti holo iyi imameza mawu a machelo, kuti malo akutiakuti mu simfone yakuti aliyense amathamanga. Zinthu zimenezi sizilembedwa m'buku. Zimakhala m'mitu ya anthu amene sachoka.

Apa ndi pamene tauni imalowera. M'tauni iliyonse ya koleji mumapezeka mphunzitsi wa nyimbo wa kusekondale, namwino amene analiza chelo mpaka ku yunivesite, loya amene anafuna kukhala katswiri wa obo koma anaopa njala, wogwira ntchito m'laibulale ya kolejiyo. Anthuwa amakhala zaka 20 kapena 30 pa mpando umodzi. Ku Wooster m'chigawo cha Ohio okesitira yotere inayamba mu 1915 ndipo ikadalipo. Ku North Manchester, Indiana, inayamba mu 1939. Ku Waverly, Iowa, tauni ya anthu pafupifupi 10,000, kuli Wartburg Community Symphony, yomwe dzina lake lomwe lanyamula koleji ndi dera. Tauni ya anthu 10,000 singalipire oyimba 60, koma anthu ake amamva Beethoven akuyimbidwa pamaso pawo, ndipo wa viyola wachitatu uja ndi amene amawagulitsa mankhwala.

Zimenezi sizinayambire ku America. Mu 1701 mnyamata wina, Georg Philipp Telemann, anafika ku yunivesite ya Leipzig ku Germany kudzaphunzira zamalamulo, pomvera amayi ake amene sankafuna kuti mwana wawo athere m'nyimbo. Malamulowo sanapite nawo patali. Posakhalitsa anasonkhanitsa ophunzira anzake n'kuyambitsa gulu lotchedwa Collegium Musicum, mpaka Johann Kuhnau, mkulu wa nyimbo za m'matchalitchi a mzindawo, anadandaula kuti mnyamatayo akumulanda oyimba. Mu 1729 gulu lomwelo linagwera m'manja mwa Johann Sebastian Bach, amene analowa m'malo mwa Kuhnau mu 1723. Ankayimba m'nyumba yomwera khofi ya Gottfried Zimmermann pa msewu wa Katharinenstrasse, Lachisanu madzulo kwa maola awiri, ndipo nyengo yotentha ankasamukira m'munda wa mwini khofiyo kunja kwa chipata cha mzinda, Lachitatu masana. Pakhomo sankalipiritsa. Zimmermann phindu lake linali m'makapu. Oyimba anali ophunzira a pa yunivesite, ana ake a Bach, ophunzira ake, oyimba a mumzinda, ndi alendo odutsa. Nyimbo zambiri za Bach za harpsichord ndi okesitira akatswiri amazilumikiza ndi gulu limeneli, ndipo ina yoseketsa ya mtsikana wokana kusiya khofi ngakhale bambo ake amuopseze bwanji inali yoyenera malowo.

Pali kalata imene Bach analembera khonsolo ya mzindawo mu August 1730, ndipo mukayiwerenga mumva ngati walemba ndi kwayamasitala wa masiku ano. Anawerengetsera kuti nyimbo za m'tchalitchi zimafuna oliza zipangizo osachepera 18, pamene mzinda unkalipira asanu ndi atatu okha, mmodzi mwa iwo wongophunzira ntchito. Za luso lawo anati ulemu ukumuletsa kunena zoona. Ina mwa mipando yotsalayo kale inkadzazidwa ndi ophunzira a pa yunivesite, amene ankalandira kangachepe, koma khonsolo inadula kangachepeko, ophunzira n'kusiya kubwera. Onani kuti ku Leipzig osowa anali a mumzinda, othandiza anali ophunzira. Ku America kawirikawiri zimakhala mosemphanitsa, koma masamu ake ndi omwewo.

Musaganize kuti koleji ndi tauni zimakondana mwachibadwa. Ku Oxford, pa 10 February 1355, ophunzira awiri anakangana ndi mwini bala pa nkhani ya vinyo woipa, ndewu n'kufalikira mzinda wonse, anthu makumimakumi n'kufa mbali zonse ziwiri. Akuluakulu a mzindawo anakhala akupereka chindapusa kwa yunivesite chaka ndi chaka mpaka mu 1825. Masiku ano saphana, koma kuyang'anana m'mbali kukadalipo: a m'tauni amati ana awa ndi onyada ndi aphokoso, ana aja amati kuno n'kumidzi.

Tsopano tiyeni tilowe pa pulakatisi. Imachitika madzulo, cha m'ma 7 koloko, chifukwa masana a m'tauni ali kuntchito. Ophunzira amalowa akutafuna, mabuku ali kumsana. Akuluakulu amalowa ndi zovala za kuntchito, ena atayendetsa galimoto ola lathunthu pa msewu wa chipale chofewa. Wa vayolini wa mpando woyamba, kumanzere kwa wotsogolera, amaimirira n'kuyang'ana wa obo. Obo imatulutsa liwu limodzi lalitali, la A, ndipo onse amachuna zipangizo zawo potsatira liwulo, owuzira poyamba, a zingwe pambuyo. Chipindacho chimachita phokoso losokonekera kwa kamphindi, kenaka zii.

A zowuzira aliyense ali ndi mzere wakewake ndi sitandi yakeyake. A zingwe amakhala awiriawiri pa sitandi imodzi. Mmodzi amakhala chakunja, kumbali ya omvera, winayo chamkati, ndipo wamkatiyo ndiye amatembenuza tsamba, kutanthauza kuti amaleka kuliza kwa kanthawi kuti mnzake apitirize. Pa sitandipo pamakhala pensulo, osati bolopeni, chifukwa mapepala ena ndi obwereka ndipo ayenera kubwezedwa atafufutidwa. Ndi pensuloyo amalemba pamene uta utsike ndi pamene ukwere, kuti mauta onse a gululo aziyenda mbali imodzi, ndipo pa malo oopsa amajambula timagalasi ta maso, kutanthauza kuti apa yang'ana wotsogolera.

Tiyerekeze kuti pa sitandi yachitatu ya mavayolini achiwiri pakhala mtsikana uja ndi agogo aja. Mtsikanayo zala zake n'zothamanga, malo ovuta anawayeserera usiku kuchipinda kwake, ndipo amawadutsa bwinobwino. Agogowo zala zinayamba kuuma, pa malo othamanga amadumpha manotsi ena mwakachetechete, ndipo amadziwa kuti mtsikanayo wamva. Kenaka pakubwera malo opuma, mabala 30 kapena 40 osaliza kanthu. Mtsikanayo akuwerenga ndi chala pa bondo, wafika pa 23, wina wagwetsa pensulo, wasokonezeka. Mtima wayamba kugunda. Agogowo sakuwerenga n'komwe. Simfone imeneyi anayiyimbapo kangapo, amadziwa kuti kilarineti ikatsika kachiwiri ndiye nthawi yakwana. Akunyamula vayolini pang'onopang'ono kuyika pakhosi, mtsikanayo waona ndi m'mbali mwa diso, nayenso wanyamula, alowa pamodzi. Palibe wayankhula. Phunziro limeneli silili pa ndandanda ya maphunziro a koleji, ndipo pulofesa sangaliphunzitse pa bolodi. Pa malo othamanga aja agogowo amatsamira mtsikanayo, ndipo nawonso amapita kunyumba atapindula.

Okesitira imaphunzitsanso kudikira. Mu simfone yachisanu ya Beethoven, ya mu 1808, a tiromboni amakhala manja ali pamiyendo zigawo zitatu zathunthu, kudzalowa m'chigawo chomaliza. Mu simfone ya Dvořák ya mu 1893, yotchedwa From the New World, wa tuba ali ndi manotsi 14 okha m'nyimbo yopitirira mphindi 40, onse m'chigawo chachiwiri. Pali bambo wina kwinakwake amene amaweruka kuntchito, kunyamula chilipenga cholemera, kuyenda ulendo wautali usiku, kudzaliza manotsi 14. Wophunzira akamuona bamboyo sabata ndi sabata, kudandaula kuti pulakatisi ikumudyera nthawi kumamuvuta pang'ono. Ndingotchulako kuti Dvořák yemweyo anakhala miyezi yotentha ya chaka cha 1893 m'kamudzi ka Spillville ku Iowa, pakati pa anthu a kwawo a Chicheki, akuliza limba m'tchalitchi chawo. 

M'chigawo chachiwiri chomwecho cha simfone ya Dvořák muli nyimbo yodekha imene dziko lonse limayidziwa, ndipo imalizidwa ndi munthu mmodzi pa cor anglais, mkulu wake wa obo. Holo yonse imakhala chete kumvera iyeyo. Funso ndi ili: aliza ndani? Pali mayi amene akhala pa mpando wa obo zaka 25, ndipo mwayi umenewu akhala akuudikira. Pali mnyamata wa chaka chachinayi, waluso, amene chaka chamawa sadzakhalapo.

Koleji imati: iyi ndi kalasi. Mwanayu amalipira fizi, amalandira malikisi pa kuyimbaku, holo ndi yathu, magetsi ndi athu, wotsogolera timamulipira ndife. Ngati sitimupatsa mwayi woyima yekha pamaso pa anthu, tikumuphunzitsa chiyani? A m'tauni amati: ife takhala tikubwera kuno ana awa asanabadwe. Matikiti timagulitsa ndife, opereka ndalama timawadziwa ndife, odzaza holo ndi abale athu. Sabata ya mayeso ana anu amasowa, ife timakhalapo. Kodi ndife odzaza mipata chabe, oti tiziitanidwa pakasowa basuni n'kukankhidwira kumbuyo pakapezeka mwana waluso? Onse akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka.

Magulu ayesa njira zosiyanasiyana. Ena amachititsa mayeso kuseri kwa nsalu, kuti oweruza amve kuliza kokha osaona nkhope. Njirayi imaoneka yachilungamo, koma imayeza mphindi zisanu za zala ndipo siyiona zaka 25 za kukhulupirika. Ena amasinthasintha mipando pa konsati iliyonse. Ena amaika atsogoleri awiri pa chigawo chimodzi, wophunzira ndi wa m'tauni. Ambiri amakhala ndi mpikisano wa chaka ndi chaka wa ophunzira okhaokha, wopambana n'kudzayima kutsogolo kuliza yekha gulu lonse likumuperekeza.

Maganizo anga ndi akuti nyimbo ya cor anglais ija apatsidwe mnyamatayo, mayiwo atakhala pambali pake. Mwana amene sanagwirepo mantha a kuliza yekha m'holo yodzaza sanaphunzire okesitira, ndipo ali ndi zaka zinayi zokha zoti aphunzire. Koma lamulo limeneli lilembedwe chaka chisanayambe, mayiwo alidziwe polowa, asalimve pa pulakatisi pamaso pa anthu. Ndipo ngati koleji yatenga mpando wakutsogolo, ipereke china chenicheni: a m'tauni akhale ndi mawu pa kusankha nyimbo, akhale m'komiti yoyendetsa gulu, mayina awo alembedwe mu pulogalamu mofanana ndi ena, ndipo nthawi zina nawonso ayime kutsogolo. Munthu wamkulu amalolera zambiri akaona kuti waganiziridwa. Chimene salolera ndi kudzidzimutsidwa.

Palinso ntchito imene wotsogolera aliyense amayiopa: kuuza munthu amene watumikira gulu zaka 30 kuti khutu lake layamba kuphonya, ndipo abwerere sitandi imodzi kumbuyo. Mu okesitira ya akatswiri pali malamulo a ntchito ndi penshoni. Muno mulibe. Munthuyo sanalandirepo kanthu, ndipo mwina usiku wa pulakatisi ndiwo umamutulutsa m'nyumba chimwalirireni mkazi wake. Otsogolera ambiri amangopirira, n'kumuika pafupi ndi wophunzira wamphamvu. Ine sindiwadzudzula.

Pakasowabe wa hapu kapena wa basuni, magulu ambiri amalemba ganyu katswiri, amene amabwera pa mapulakatisi awiri omaliza, kuliza bwino, kulandira cheke, n'kupita. Odzipereka aja amaona, ndipo ena zimawawawa. Koleji ya Williams ku Massachusetts inasankha kuchita zimenezi poyera: mu Berkshire Symphony ophunzira amakhala pambali pa aphunzitsi awo ndi akatswiri olipidwa, ndipo aliyense amadziwa kuti dongosolo lake ndi lotero. Zimamveka bwino kwambiri, koma zimafuna thumba la koleji yolemera.

Izi zikutifikitsa pa funso la umwini. Koleji imabweretsa holo, ng'oma za timpani, hapu, zipangizo zodula zomwe munthu wamba sangagule, kabati ya mapepala a nyimbo, ndi malipiro a wotsogolera, amene kawirikawiri amakhala mphunzitsi pa kolejipo. Tauni imabweretsa anthu okhazikika, omvera, ndi ndalama za zinthu monga kubwereka mapepala a nyimbo zatsopano, omwe sagulitsidwa koma kubwereketsa pa mtengo. Zonse zikamayenda bwino palibe amafunsa kuti gululi ndi la yani. Funsolo limabwera tsiku limene mkulu watsopano wa koleji akufuna kudula bajeti, kapena wotsogolera akapuma pa ntchito ndipo pafunika kusankha wina.

Ku La Jolla, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa mzinda wa San Diego, komwe mayi Scripps aja ankakhala, okesitira ya anthu wamba inayamba mu 1954, yunivesite ya California ya ku San Diego isanakhazikitsidwe, poti iyo inabwera mu 1960. Mu 1967 Thomas Nee, mphunzitsi wa nyimbo pa yunivesiteyo, anayamba kutsogolera gululo, ndipo mbali ziwirizi zinalumikizana. La Jolla Symphony and Chorus imayimba m'holo ya yunivesite, Mandeville Auditorium, ophunzira amalowamo, koma inakhalabe bungwe lodziyimira palokha, la komiti yake ndi thumba lake. Nee anatsogolera mpaka 1998, David Chase anatsogolera kwaya yake zaka zoposa 40, ndipo katswiri wa ng'oma Steven Schick anatsogolera kuyambira 2007 mpaka 2022. Anthu amaganiza kuti odzipereka a m'tauni amangofuna Beethoven ndi Tchaikovsky, koma gulu limeneli linatchuka ndi nyimbo zatsopano zovuta, zomwe okesitira zambiri za akatswiri zimaziopa poopa kuthawitsa ogula matikiti. Lili ndi mwambo wopempha wophunzira wa digiri yapamwamba pa yunivesiteyo kuti apeke nyimbo yatsopano, m'dzina la Nee, gulu lonse n'kuyiyimba. Wopeka wachinyamata amene wamva anthu ochuluka chotero akuliza zimene iye analemba walandira mphatso yomwe yunivesite pa yokha sikanamupatsa.

Ku Iowa kunachitika zomwe zinayesa nkhani ya umwiniyi. Southeast Iowa Symphony inakhala zaka zambiri pa sukulu ya Iowa Wesleyan m'tauni ya Mount Pleasant, ikuyimbanso ku Burlington ndi ku Ottumwa. Mu 2023 yunivesiteyo, imene inayamba mu 1842, inatsekedwa chifukwa cha mavuto a ndalama. Okesitira inapitiriza kuyimba, chifukwa inali ndi komiti yake, oyimba ake ochokera m'matauni ozungulira, ndi anthu ake opereka. Ikanakhala kalasi chabe pa ndandanda ya maphunziro, bwenzi itatsekedwa tsiku lomwelo ndi zipinda zogona. Makoleji aang'ono ambiri ku America akuvutika ndi kuchepa kwa ophunzira, choncho nkhani ya ku Mount Pleasant ena akuyiyang'ana ndi maso awiri.

Ambiri a inu mumatsogolera kwaya ya solofa kapena bandi ya malipenga, osati okesitira. Koma amene muli m'matauni a makoleji monga Zomba kapena Mzuzu mukuzidziwa izi: kwaya imadzaza sukulu ikatsegulira, n'kuphwa ophunzira akapita ku tchuthi, mwina nthawi yomwe ya Khirisimasi imene mumawafunitsitsa. Ndipo funso lakuti atsogolere nyimbo ndani, mtsikana wa mawu okoma wa chaka chachiwiri kapena amayi amene anayamba kwayayo, mwakumana nalo. Musadikire kuti lifike pa pulakatisi. Likambiranitu, mulembe, ndipo mulembenso kuti kiyibodi ndi mayunifolomu ndi za yani.

Pali ngozi ina yomwe sikambidwa kawirikawiri, ndiyo kuchita bwino kopitirira. Gulu likayamba kumveka bwino, omvera amachuluka, ndalama zimabwera, komiti imayamba kufuna zapamwamba. Olembedwa ganyu amachuluka, mayeso olowera amalimba, ndipo tsiku lina agogo aja ndi mtsikana wa sayansi uja onse amapezeka kuti sakukwanira. Ku Leipzig zinayenda chomwecho. Zimmermann anamwalira mu 1741, ndipo cha nthawi yomweyo Bach anasiya kutsogolera gulu la kunyumba ya khofi. Mu 1743 anthu olemera a mumzindawo, makamaka amalonda, anasonkha ndalama n'kuyambitsa makonsati awoawo a oyimba olipidwa, olowera pa ndalama. Mu 1781 makonsatiwo anasamukira m'holo ya m'nyumba ya amalonda a nsalu, Gewandhaus, yomwe inapereka dzina ku okesitira imene Felix Mendelssohn anayamba kutsogolera mu 1835. Lero Gewandhausorchester ndi imodzi mwa okesitira zikuluzikulu ndi zolemekezeka pa dziko lonse, ndipo mzinda wa Leipzig uli ndi chifukwa chonyadira. Koma wophunzira zamalamulo wodziwa vayolini sangalowemo. Iye ndi anzake a pa yunivesite ali ndi okesitira yawoyawo, ndipo amayimba okha.